Aspen, tauni imene inamangidwa kawiri: poyamba ndi siliva, kenako ndi chipale chofewa

M'mapiri a Rocky, m'chigawo cha Colorado ku America, muli tauni yotchedwa Aspen. Ili kumtunda kwa chigwa cha mtsinje wa Roaring Fork, pamalo okwera mamita pafupifupi 2,400. Masiku ano dzina lake limamveka pakati pa anthu achuma, amene ena mwa iwo amapitako pa ndege zawozawo m'nyengo yozizira kukasewera ski, masewera aja omangirira matabwa awiri aatali ndi opyapyala kumapazi n'kumatsetsereka pa chipale chofewa kuchokera pamwamba pa phiri. Koma amene anayamba kumanga tauniyi anabwera kudzakumba siliva. Cha m'ma 1893 munkakhala anthu pafupifupi 12,000. Kalembera wa mu 1930 anapezamo anthu 705 okha, ndipo wa mu 2020 anapezamo 7,004.

Alendo akafika kumeneko amauzidwa nkhani yachidule, yoti siliva atatha chipale chinapulumutsa tauni. Nkhani imeneyi imadumpha zambiri. Siliva akadalimo m'mapiri ozungulira tauniyo mpaka lero. Chimene chinagwa ndi mtengo wake, ndipo anaugwetsa anthu okhala kutali, ku Washington ndi ku London. Chipale nacho chinkagwa chaka ndi chaka, n'kumatseka misewu ndi kupha ziweto, mpaka kunabwera anthu ena, akutalinso, okhala ndi ndalama zochisandutsira malonda. Kawiri konse Aspen yamangidwa ndi ndalama zochokera kunja kwa chigwacho, ndipo kawiri konse amene avutika kwambiri ndi aja ogwira ntchito ndi manja: koyamba chifukwa chuma chinathawa, ulendo uno chifukwa chuma chachuluka mopyola muyeso.

Chigwachi chinali ndi eni ake. Anthu a mtundu wa Ute ankasakamo nyama m'miyezi yotentha kwa mibadwo yambiri. Pangano limene boma la America linachita nawo mu 1868 linawasiyira gawo lalikulu la kumadzulo kwa Colorado, ndipo malire a gawolo anadutsa pafupi kwambiri ndi pamene pali Aspen lero. Panganolo silinakhalitse. Mu Seputembala 1879, kumpoto, pa mtsinje wa White, mkangano pakati pa a Ute ndi woimira boma, Nathan Meeker, amene ankawakakamiza kusiya moyo wawo n'kuyamba kulima ndipo analima ngakhale malo odyetserako mahatchi awo, unathera m'nkhondo. Meeker ndi antchito ake anaphedwa. Andale amene ankafuna kale dziko la a Ute anapezerapo chifukwa, ndipo mu 1881 a Ute a m'derali anawathamangitsira ku Utah asilikali ali pambuyo. Bwanamkubwa wa Colorado pa nthawiyo, Frederick Pitkin, anali mmodzi mwa olimbikitsa kuti achoke. Dera limene likulu lake ndi Aspen limatchedwa Pitkin County, dzina la munthu ameneyo.

M'chaka chomwecho cha 1879, anthu ofufuza miyala ya mtengo wapatali anachoka ku Leadville, tauni imene inali italemera kale ndi siliva, n'kuwoloka mapiri kulowera kumadzulo. Njira yodziwika kwambiri ndi mpata wa Independence Pass, wokwera mamita 3,687, kupitirira nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi mamita pafupifupi 700. Anapeza miyala yosonyeza siliva m'mapiri awiri oyang'anizana, limene lero limatchedwa Aspen Mountain ndi lina la Smuggler. Msasa wawo anautcha Ute City. Ambiri anathawa atamva za nkhondo ya kwa Meeker, koma kagulu kochepa kanatsala nyengo yonse yozizira kulondera malo amene kanalemberatu. Kumayambiriro kwa 1880 kunafika B. Clark Wheeler, amene anayeza malo a tauni, kuwagawa m'mapuloti ndi kusintha dzina kukhala Aspen, potengera mitengo ya makungwa oyera imene yadzaza m'mapirimo. Iyeyo anawoloka mapiri atavala matabwa aatali amene okumba ochokera ku Norway ndi ku Sweden anabwera nawo ku America. Choncho ski inafika ku Aspen limodzi ndi migodi, ngati njira yoyendera munthu akafuna makalata kapena chakudya chipale chitafika m'chiuno.

Zaka zoyambirira zinali zovuta. Mwala wa siliva sugulitsidwa mmene wautulutsira pansi. Uyenera kusungunulidwa m'ng'anjo kuti siliva apatukane ndi mtovu ndi zinyalala zina. Ng'anjo zinali ku Leadville, kuseri kwa mapiri, ndipo miyala ankainyamula pamsana pa abulu, mizere italiitali. Mtengo wa ulendowo unkadya phindu lonse pokhapokha mwalawo ukhale wolemera siliva kwambiri. Zinthu zinasintha mu 1883 atafika Jerome B. Wheeler (sanali pachibale ndi Wheeler woyamba uja), mmodzi wa eni sitolo yaikulu ya Macy's ku New York. Anathira ndalama m'migodi, anamalizitsa ng'anjo ya ku Aspen komweko, anatsegula banki, ndipo anayambitsa migodi ya malasha kumunsi kwa chigwa kuti ng'anjoyo ipeze moto.

Siliva atangoyamba kutuluka wambiri, eni migodi anakokerana kukhoti, ndipo mlandu wake ndi wofunika kuumvetsa chifukwa ukuonetsa amene ankalamulira chuma cha phirilo. Lamulo la migodi la America la mu 1872 linkanena kuti munthu amene malo ake ali pamene mtsempha wa mwala waonekera pamwamba pa nthaka ali ndi ufulu woutsatira mtsemphawo pansi, ngakhale utalowa kunsi kwa malo a mnzake. David Hyman, loya wa ku Cincinnati amene anali mwini mgodi wa Durant kumtunda kwa phiri, ananena kuti mutu wa mtsempha uli pa malo ake, choncho siliva yense amene ankakumbidwa m'munsi, kuphatikizapo wa Jerome Wheeler ndi anzake, ndi wake. A m'munsiwo ankati mwini malo akumbe zimene zili mkati mwa malire ake basi. Mlanduwo unatenga zaka, unawononga ndalama zambiri ndipo unaimitsa ntchito m'migodi ina, mpaka Hyman anapambana ndipo mbali ziwirizo zinagwirizana zogawana, n'kupanga kampani imene anaitcha Compromise. Nthawi yonseyo amene ankatsala opanda malipiro mgodi ukatsekedwa ndi lamulo la khoti anali okumba.

Njanji ndiyo inatsegula chuma chenicheni. Kampani ya Denver and Rio Grande inafikitsa sitima ku Aspen kumapeto kwa 1887, ndipo ya Colorado Midland inafika kumayambiriro kwa 1888. Miyala imene poyamba inkaunjikidwa pambali chifukwa siikanalipira abulu tsopano inayamba kupindulitsa. Tauni inakula mofulumira. Magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi anali atayaka kale mu 1885, nthawi imene mizinda yambiri ikuluikulu inali isanawaone. Mu 1889 Jerome Wheeler anamanga nyumba ziwiri zimene zilipo mpaka lero, Hotel Jerome ndi holo ya zisudzo ndi nyimbo ya Wheeler Opera House. Pofika 1891 ndi 1892 Aspen inapitirira Leadville, ndipo migodi yake, monga Smuggler, Mollie Gibson, Durant ndi Aspen, inkatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a siliva yense wa ku America. Pansi pa nthaka ntchito inali yoopsa: madzi ankasefukira m'migodi yakuya ndipo mapampu sankazima, miyala inkagwa, fumbi linkawononga mapapo. Pamwamba, mitengo ya m'mapiri inadulidwa pafupifupi yonse kuti ichirikize ngalande za m'migodi, kumangira nyumba ndi kuotcha makala.

Chuma chonsechi chinkadalira wogula mmodzi wamkulu, boma la America, ndipo apa m'pamene pagona nkhani. M'zaka zimenezo anthu a ku America ankakangana kwambiri ngati ndalama ya dziko iyenera kuchirikizidwa ndi golide yekha kapena golide ndi siliva pamodzi. Amabanki ndi obwereketsa ndalama a kum'mawa ankafuna golide yekha, chifukwa golide ndi wochepa ndipo ndalama yomangidwa pa iye siitsika mphamvu. Alimi okhala ndi ngongole ndi eni migodi a kumadzulo ankafuna siliva, kuti ndalama zichuluke, mitengo ya mbewu ikwere, ngongole zipepuke. Lamulo la mu 1873 linaika siliva pambali. La mu 1878, la Bland ndi Allison, linalamula boma kuti lizigula siliva wina mwezi uliwonse. La mu 1890, lotchedwa Sherman Silver Purchase Act, linakweza muyesowo kufika pa matani pafupifupi 140 pamwezi, womwe unali pafupifupi siliva yense amene migodi ya dzikolo inkatulutsa.

Vuto la lamuloli linali loti boma linkalipira siliva ndi ndalama za mapepala zimene munthu ankatha kupita nazo kunkhokwe ya boma n'kukasinthitsa ndi golide. Poti siliva ankachulukirachulukira pamsika ndipo mtengo wake unkatsika, aliyense wochenjera ankasankha golide. Nkhokwe ya golide inayamba kuphwa, ndipo mu Epulo 1893 inatsika pansi pa madola 100 miliyoni, mlingo umene anthu ankauona ngati malire a chitetezo. Mabanki ndi makampani a njanji anayamba kugwa. Mu Juni chaka chomwecho boma la Britain ku India linaleka kulandira siliva wa anthu kuti apangidwe ndalama zachitsulo, ndipo India anali msika waukulu wa siliva. M'masiku anayi okha mtengo unatsika kuchoka pa masenti 83 kufika pa 62 pa aunsi imodzi (muyeso wa magalamu pafupifupi 31). Pulezidenti Grover Cleveland anaitanitsa nyumba ya malamulo, ndipo pa 1 Novembala 1893 lamulo la Sherman linathetsedwa.

Migodi ya ku Aspen sinadikire n'komwe kuti lamulo lithe. Yambiri inatseka m'miyezi ya pakati pa chakacho, ndipo amuna zikwi anapezeka opanda ntchito. Banki ya Jerome Wheeler inatseka. Fakitale yaikulu ya Holden yoyengera siliva, imene inali itangomangidwa mu 1891, inaima. Ambiri anakwera sitima kupita ku Cripple Creek kumene kunali golide, ena ku Denver kukafuna chithandizo. Chomvetsa chisoni n'choti mu 1894, tauni ili mkati mogwa, mu mgodi wa Smuggler munatuluka chibuma cha siliva cholemera makilogalamu oposa 800, chimodzi mwa zikuluzikulu zimene zinapezekapo padziko lapansi. Anthu a m'migodi anamenyera nkhondo siliva wawo pa ndale. Davis Waite, mkonzi wa nyuzipepala wa ku Aspen amene ankaima ndi mabungwe a antchito, anali atasankhidwa kukhala bwanamkubwa wa Colorado mu 1892, koma anakhala chigawo chimodzi chokha. Mu 1896 William Jennings Bryan anaima pa upulezidenti ndi mfundo yobwezeretsa siliva ndipo analuza kwa William McKinley. Mu 1900 lamulo linakhazikitsa golide yekha.

Zaka zotsatira, mpaka cha m'ma 1930, anthu a kumeneko amazitcha zaka zachete, ndipo kwa ine ndi zimene ziyenera kusimbidwa kwambiri, ngakhale kuti zimapatsidwa malo ochepa m'timabuku ta alendo. Migodi ina inkatsegulidwa mtengo wa mtovu ndi zinc ukakwera, n'kutsekanso. Sitima ya Colorado Midland inasiya kuyenda mu 1918. Nyumba zambiri zinaphwasulidwa kuti matabwa ake akhale nkhuni kapena akamangire kwina. Opera House inapsa mu 1912, ndipo kenako khonsolo ya tauni inailanda chifukwa cha msonkho wosalipidwa. Hotel Jerome anaigula ndi Mansor Elisha, wobadwira ku Syria, amene poyamba ankagulitsa mowa m'bala ya hoteloyo, ndipo banja lake linaisunga yotsegula ngati nyumba yogona anthu a m'deralo. Mabanja amene anatsala, ambiri a iwo ochokera ku Italy ndi ku Slovenia, anatembenukira ku ulimi wa mbatata ya kachewere, udzu wa ziweto, ng'ombe ndi nkhosa.

Kuti muone kufunika kwa anthu amenewa, yang'anani Ashcroft, tauni ina ya siliva makilomita osakwana 20 kuchokera ku Aspen, kumtunda kwa mtsinje wa Castle Creek. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880 inkapikisana ndi Aspen. Lero patsala timanyumba tamatabwa towerengeka topanda munthu. Kutsetsereka kwa mapiri ake n'kwabwino, ndipo anthu oyamba kuganiza za ski m'derali ankafuna kumanga kumeneko. Aspen inali ndi zimene Ashcroft inalibe: inali likulu la dera, choncho khoti ndi maofesi a boma sanachoke, njanji imodzi inatsala, magetsi ndi madzi a m'mipope ankagwirabe ntchito, sukulu, chipatala ndi matchalitchi zinali zotsegula. Zonsezi zinakhalapo chifukwa anthu mazana ochepa anakana kusamuka ndipo anapitiriza kukonza madenga.

Mu 1936 Tom Flynn, mwana wa munthu wa m'migodi wa ku Aspen, anaonetsa zithunzi za mapiri a kwawo kwa Billy Fiske, mnyamata wa kubanja lolemera amene anapata mendulo za golide pa mpikisano wa Olimpiki wa nyengo yozizira mu 1928 ndi mu 1932. Fiske, Flynn ndi Ted Ryan anamanga nyumba ya alendo ya Highland Bavarian Lodge, imene inatsegulidwa mu Disembala 1936, ndipo anaitana katswiri wa mapiri wa ku Switzerland, André Roch, kuti ayeze malowo. Roch sanangoyeza. Anaphunzitsa anthu a m'tauni kusewera ski, anawalimbikitsa kuyambitsa kalabu, ndipo asanabwerere kwawo anawalembera njira yotsetsereka kwambiri pa Aspen Mountain. Anthu a m'tauniwo anailambula okha mu 1937 n'kuitcha Roch Run. Chokwezera anthu choyamba anachipanga ndi zotsalira za migodi: makina akale okokera zinthu mu mgodi ndi injini ya galimoto, zokoka zileyi ziwiri zooneka ngati mabwato, ulendo umodzi masenti 10. Mu 1941 mpikisano wa dziko lonse la America unachitikira pa njira imeneyi. Fiske sanauone. Analowa gulu la ndege zankhondo la Britain ndipo anamwalira mu Ogasiti 1940 atavulala pa nkhondo ya mumlengalenga yoteteza dzikolo.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inaimitsa mapulani aja, komanso ndiyo inabweretsa anthu ena. Asilikali a America ophunzira kumenya nkhondo m'mapiri, a 10th Mountain Division, anali ndi msasa ku Camp Hale pafupi ndi Leadville, ndipo ankabwera ku Aspen pa masiku opuma. Mmodzi mwa iwo anali Friedl Pfeifer, mphunzitsi wa ski wochokera ku St. Anton ku Austria. Phirilo linamukumbutsa kwawo, makamaka chifukwa limatsikira m'misewu ya tauni mwenimweni, moti munthu atha kuchoka pamwamba n'kudzaima pafupi ndi khomo la hotelo. Anavulala kwambiri ku Italy mu 1945, ndipo atachira anabwerera ku Aspen ali ndi luso ndi maloto koma wopanda ndalama.

Ndalamazo zinachokera ku Chicago. Elizabeth Paepcke anacheza ku Aspen mu 1939 ndipo anaikonda. Mwamuna wake Walter Paepcke, mwini kampani yopanga makatoni ya Container Corporation of America, anafikako mu 1945 ndipo anayamba kugula nyumba ndi mapuloti, zambiri pamtengo wa msonkho umene eni ake analephera kulipira. Walter sankasamala kwenikweni za ski. Ankalota tauni imene anthu a bizinesi, oimba ndi ophunzira azikumanamo kuti akule m'thupi, m'maganizo ndi mumzimu. Anaitana Herbert Bayer, katswiri wa zojambula ndi zomangamanga wa sukulu ya Bauhaus ya ku Germany, kuti akonze Hotel Jerome ndi Opera House. Anthu akale a m'tauni sanamulandire onse ndi manja awiri. Pamene Paepcke analonjeza penti yaulere kwa eni nyumba, bola mtundu wake asankhe Bayer, ambiri anakana. Ndimawamvetsa. Anali atasunga tauniyo zaka 50 popanda wowathandiza, ndiye mlendo wa dzulodzulo awauze mtundu wa khoma lawo?

Komabe Pfeifer ndi Paepcke ankafunana. Mu 1946 anakhazikitsa kampani ya Aspen Skiing Corporation, ndipo mu Disembala chaka chomwecho mipando yoyenda pa chingwe, yonyamula munthu mmodzi mmodzi kupita pamwamba pa phiri, inayamba kugwira ntchito. Pa nthawiyo chingwe chimenechi chinali chachitali kuposa china chilichonse cha mtundu wake padziko. Malo amene njira za ski zinadutsa anali zigawo za migodi yakale, ndipo ambiri anali m'manja mwa banja la D. R. C. Brown, mmodzi mwa amene analemera ndi siliva m'zaka za m'ma 1880. Mwana wake, wodziwika kuti Darcy Brown, analowetsa malowo m'kampani ndipo pambuyo pake anaitsogolera kwa zaka zoposa 20. Misewu imene ngolo za miyala zinkadutsa inasanduka njira zokwerera ndi zotsikira. Mayina a malo a pa phirilo ngati Little Nell ndi Ajax, amene alendo amawatchula tsiku lililonse, anachokera ku malo a migodi.

Zochitika ziwiri zinaika Aspen pamaso pa dziko. Mu 1949 Paepcke ndi anzake a ku University of Chicago anakonza msonkhano wokumbukira kuti patha zaka 200 chibadwire Goethe, mlembi wa ku Germany, ndipo unachitikira m'tenti yaikulu imene anaikonza Eero Saarinen. Mlendo wamkulu anali Albert Schweitzer, dokotala wa chipatala cha Lambaréné ku Gabon, ndipo umenewu unali ulendo wake wokhawo wa ku America. Kuchokera pa msonkhanowo kunabadwa bungwe la misonkhano ndi maphunziro la Aspen Institute ndi chikondwerero cha nyimbo cha Aspen Music Festival, zimene zimadzaza tauni m'miyezi yotentha pamene kulibe chipale. Kenako mu Febuluwale 1950 Aspen inachititsa mpikisano wa dziko lonse lapansi wa ski yotsetsereka m'mapiri, koyamba kuchitikira kunja kwa Ulaya. Zeno Colò wa ku Italy ndi Dagmar Rom wa ku Austria anapata mendulo za golide ziwiri aliyense.

Zotsatira zake zinayenda mwachangu. Mapiri a Buttermilk ndi Aspen Highlands anatsegulidwa mu 1958, Snowmass mu 1967. Sitima yomaliza inachoka kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo pamene panali njanji lero pali njira ya njinga ndi oyenda pansi. Kuyambira 1993 kampani ya ski yonse ili m'manja mwa banja la Crown, la ku Chicago komweko. Kampaniyi ikudziwa kuti chipale si cha muyaya: nyengo yozizira ikufupika, makina opopera chipale chopanga akugwira ntchito yambiri, ndipo mu 2012 inathira ndalama pa ntchito yosandutsa magetsi mpweya wa methane wotuluka mu mgodi wa malasha wa Elk Creek ku Somerset.

M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 achinyamata okonda ski ankatha kubwera opanda kanthu, kupeza ntchito yotsuka mbale usiku, kuchita lendi kanyumba kakale ka okumba siliva n'kumasewera masana. Anthu amenewa, atakhazikika, ndi amene anayamba kuopa kuti tauni iwonongeka ndi nyumba zosanjikizana ndi misewu ikuluikulu. Maganizo amenewa anali ofala mu Colorado monse: mu 1972 ovota anakana kulipira mpikisano wa Olimpiki wa nyengo yozizira wa mu 1976 umene Denver inali itapatsidwa kale. Ku Aspen ndi ku Pitkin County atsogoleri a m'zaka za m'ma 1970 anaika malire a chiwerengero cha nyumba zatsopano zololedwa pachaka, analetsa kugawa minda m'mapuloti ang'onoang'ono, anateteza nyumba zakale, ndipo misewu ina ya pakati pa tauni anaisandutsa ya oyenda pansi okha. Malamulowa anachita zimene anawapangira. Chigwacho ndi chokongolabe, ndipo sindikuona amene anganene moona mtima kuti kukanakhala bwino akanachisiyira omanga. Koma tauniyo yazunguliridwa ndi mapiri ndi nkhalango ya boma ya White River, malo omangapo ndi ochepa kale, ndipo ukachepetsa nyumba pamalo amene olemera a dziko lonse akuwafuna, mtengo umangokwera. Kanyumba ka okumba kaja kanayamba kugulidwa mamiliyoni. Mu 2024 nyumba imodzi pa phiri la Red Mountain, pafupi ndi tauniyo, inagulidwa madola 108 miliyoni. Nyumba zambiri zoterezi zimakhala zotseka miyezi yochuluka pachaka, eni ake ali kwina.

Ophika, oyala mabedi m'mahotela, amisiri omanga, oyendetsa mabasi, anamwino ndi aphunzitsi anayamba kusamukira kumunsi kwa chigwa: ku Basalt, ku Carbondale, ku Glenwood Springs komwe ndi makilomita pafupifupi 65, ena mpaka ku Rifle. Ambiri mwa ogwira ntchito zolemetsa kwambiri ndi ochokera ku Mexico ndi ku Central America. Mbandakucha uliwonse msewu wa Highway 82 umadzaza magalimoto ndi mabasi a bungwe la RFTA opita kumtunda, madzulo onse n'kubwerera, ndipo chipale chikagwa ulendowo umatalika kwambiri. Kholo limene limathera maola atatu pamsewu tsiku lililonse silipezeka pa msonkhano wa kusukulu ya mwana wake, ndipo silivota m'tauni imene limaigwirira ntchito chifukwa silikhalamo.

Ngakhale antchito amene anatsala m'tauni anakumana ndi cholowa china cha migodi. Kumunsi kwa phiri la Smuggler, kumene kunali malo otsika mtengo, kunamangidwa nyumba za antchito ndi malo oimikapo nyumba zokokedwa ndi galimoto, pamwamba pa milu ya zinyalala za m'migodi. Dothi lake linapezeka ndi mtovu ndi cadmium, ndipo mu 1986 bungwe la boma loteteza chilengedwe la EPA linaika malowo pa mndandanda wa malo oipitsidwa kwambiri m'dziko. EPA inkafuna kukumba ndi kuchotsa dothilo. Okhala pamalowo anakana kwa zaka zambiri, poopa fumbi la kukumbako komanso kutaya malo okhawo amene akanakwanitsa kukhala, ndipo ananena kuti magazi a ana awo atayezedwa sanaonetse mtovu wochuluka. Akatswiri odziimira paokha ataunika nkhaniyo, EPA inavomera njira yopepuka yokwirira malo ena ndi kupitiriza kuyeza, ndipo mu 1999 malowo anachotsedwa pa mndandanda.

Chimene chachititsa kuti Aspen ikhalebe ndi anthu okhalamo chaka chonse ndi ndondomeko ya nyumba za antchito, imene inayamba m'zaka za m'ma 1970 ndipo kuyambira 1982 ikuyendetsedwa ndi bungwe la tauni ndi dera lotchedwa APCHA. Ili ndi nyumba pafupifupi 3,000, zina za lendi, zina zogula. Kuti munthu alowemo ayenera kukhala wogwira ntchito mu Pitkin County, ndipo nyumba zimagawidwa m'magulu malinga ndi malipiro ake. Nyumba yogula ikapezeka amachita maere, ndipo amene wagwira ntchito m'deralo zaka zambiri amakhala ndi mwayi wochuluka. Pa chikalata cha nyumbayo pamalembedwa kuti wogulayo azikhalamo iye mwini ndipo akadzafuna kugulitsa mtengo sungakwere kupitirira malire oikika, kuti wantchito wina adzathe kuigula. Ndalama zomangira zimachokera, mwa zina, ku msonkho umene umadulidwa nyumba za pamsika zikagulitsidwa, moti nyumba za olemera zikakwera mtengo thumba la nyumba za antchito nalo limakula.

Ndondomekoyi ili ndi mavuto ake, ndipo akukula. Amene anapata nyumba m'zaka za m'ma 1980 ali anyamata ndi atsikana tsopano akupuma pa ntchito, ndipo malamulo amawalola kukhalabe m'nyumbazo, zomwe n'zoyenera kwa munthu amene wapereka moyo wake wonse ku tauniyo. Koma nyumba iliyonse yotere ndi nyumba imene wolowa m'malo mwake pantchito sangaipeze. Malire a mtengo wogulitsira amachititsanso kuti eni ena asakonze denga kapena mipope, poti ndalamazo sadzazipezanso, ndipo nyumba zomangidwa zaka 40 zapitazo zikukalambira limodzi. Pa maere a nyumba imodzi pamakhala mabanja ambirimbiri. Chifukwa cha zimenezi chipatala, ofesi ya maphunziro ndi kampani ya ski yomwe anayamba kugula ndi kumanga nyumba zawozawo zoti azigonekamo antchito awo, zina mwa izo kumunsi kwa chigwa, ndipo wokhala m'nyumba yotere ntchito ikamuthera amayenera kusamukanso.